Diwa limene ndinatchera apongozi anga

Ana anga, dzanja langa layamba kunjenjemera moti tupa sindingaligwirenso, koma cholembera chikadandimvera pang'ono. Za ubwana wanga sindilembapo, chifukwa palibe chimene ndinachita koposa kudya ndi kuthawa kusamba. Ndiyambira pa ntchito, kuti mudziwe chifukwa chake bambo wanu anakalamba akunola macheka pamene anzake a ku sukulu anakhala makapitao.

Cha m'ma 1897: m'dzenje

Nditachoka ku Mishoni, kumene ndinaphunzira kupala matabwa, kulemba, ndi Chingerezi chongokwanira kudziwa kuti apa ndatukwanidwa, ntchito yanga yoyamba inali yocheka mkungudza pamwamba pa phiri. Makina kunalibe. Tinkakumba dzenje n'kugoneka chipika pamwamba pake, munthu mmodzi n'kuima pachipikapo, wina m'dzenjemo, n'kumakokerana macheka aatali kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Wam'dzenje ankakhala watsopano, ndiye kuti ine. Utuchi wonse wa phiri la Mulanje unathera m'maso mwanga, m'makutu, ndi m'malo ena amene bambo sauza ana ake. Ndikatsikira kumudzi anthu ankandidziwa ndi fungo ndisanatulukire, ndipo amayi ankaunjika nsalu zawo pafupi ndi mphasa yanga kuti njenjete zisadye.

Kapitao wathu, a Chikopa, anali ndi manja aluso koma ankakonda kuwasunga. Gulu lonse linali ndi tupa limodzi lokha, limene ankalikulunga m'kansalu n'kugona nalo. Tsiku lina anandiitana n'kunena kuti, "Iwe wa ku Mishoni, paja umadziwa kuwerenga. Werenga mano awa, ndipo dzino lililonse ukaliwerenga ulipatseko tupa." Umo ndi mmene ndinayambira kunola. Ndisakunamizeni kuti ndinali ndi mtima wofuna kuphunzira. Ndinangoona kuti wonola amakhala pamwala akuwothera dzuwa, pamene wocheka ali m'dzenje akuyetsemula. Ndinalimbikira kuti asadzandibwezerenso kumeneko, ndipo patapita zaka zingapo ocheka a magulu ena ankabwera ndi macheka awo kwa ine.

Cha m'ma 1903: Bwana Chimfine ndi ukwati

Khofi atayamba kufa m'minda ya azungu, iwo anatembenukira ku tiyi, ndipo tiyi amafuna mabokosi ndi mashedi. Ndinatsika phiri n'kulembedwa ntchito pa esiteti ina ya kufupi ndi mtsinje wa Lichenya. Dzina lenileni la mwini wake linkatipweteka lilime, choncho tinkamutchula Bwana Chimfine. Munthuyo ankayetsemula chilimwe ndi dzinja lomwe, utuchi unali mdani wake, komabe tsiku silinkapita osabwera kudzaima pakati pa utuchiwo. Sanali wankhanza ngati ena amene tinkawamva, ndipo chikoti analibe. Vuto lake linali lakuti Chinyanja chake chinali cholamulira chokhachokha: bwera, choka, fulumira. Aliyense kwa iye anali "iwe", ngakhale nkhalamba ya imvi mutu wonse.

Zaka zomwezo Alomwe ankawoloka malire kuthawa Apwitikizi, atasenza mitondo ndi mitengo ya chinangwa. Azungu ankawalimbirana chifukwa manja othyola tiyi ankasowa. Ankawapatsa malo omanga ndi olima, iwo n'kumabweza ndi thangata, ndiye kuti kugwira ntchito ya mwini malo. Mwa amene anafika pa esiteti yathu munali anganga anu, a Muheya ndi akazi awo, pamodzi ndi ana aakazi okhaokha, mayi anu ali mmodzi wa iwo. Tsiku limene ndinalimba mtima kuwapatsa moni, mayi anu anandinunkhiza ali patali n'kuuza abale awo kuti bokosi latsopano layamba kulankhula. Ndinawakonda pomwepo.

Ndinakamanga nyumba kwawo monga mwa mwambo, n'kukhala mkamwini. Inu amene mwakulira ku Blantyre mumvetse bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Apongozi aakazi sindinkayenera kuonana nawo maso ndi maso. Tikakumana m'njira ndinkalumphira patchire, ndipo minga ya kumeneko inkandidziwa bwino. Apongozi aamuna ndinkatha kuwapatsa moni nditanjuta, koma kuwadzudzula, kuwakhudza, kapena kuwadzutsa ali m'tulo, zimenezo zinali zosayerekezeka n'komwe. Mawu aliwonse olemera ankadzera mwa mayi anu. Sindinali ndekha pa mavuto amenewa. Ana aakazi onse aja anakwatiwa pompo, akamwini anzanga ena ali ocheka matabwa, ena onyamula machila a Bwana, ndipo tonse tinkakumana patchire lomwelo.

Cha m'ma 1909: makina anzeru theka

Bwana anaitanitsa macheka ozungulira oyendera madzi. Tinakumba ngalande kuchokera kumtsinje n'kumanga gudumu lalikulu lamatabwa, madzi akagwerapo lamba n'kumazunguza macheka. M'bokosi lina munali makina onolera, amene tinawaika m'kashedi kakekake ka pamwamba pa nsanamira, chapatali ndithu, kali ndi kagudumu ndi kangalande kake. Makinawo anali anzeru theka. Ukamangirirapo macheka, chala chachitsulo chinkakankha dzino limodzi, mwala wonolera n'kutsika, tsweee, n'kukwera, chala n'kukankhanso lina. Koma kudziwa kuti mano atha sankadziwa. Ukapanda kuwaimitsa ankayambiranso, kunola zonolanola, mpaka mano kusanduka usinini. Ine sindikanakhalapo, chifukwa ndikamangirira macheka m'mawa Bwana ankandifuna ku shedi yaikulu. Pankafunika munthu wokhala pampando, kuyang'ana dzino limene ndalipaka choko, likabwerera pamwala iye n'kukoka ndodo yogwetsera chitseko cha madzi. Ntchito yopepuka chonchi anaipereka kwa wamkulu kuposa onse pa thangata, apongozi anga.

A Muheya anali munthu waulemu, wamtali, wosakonda zolankhulalankhula. Koma m'mawa uliwonse ankadya mbale ya kalongonda asanabwere, ndipo amene munadyapo mukudziwa mmene amalemeretsera zikope. Onjezanipo kamphepo ka kumtsinje ndi tsweee, tsweee uja. Sabata isanathe macheka oyamba anadyedwa.

"Simioni!" anandikuwira Bwana, atanyamula chitsulo chosalala ngati chivundikiro cha poto. "Mano ali kuti?" Ndiye anatembenukira kwa apongozi anga. "Iwe nkhalamba, wagona?"

"Iyayi, bwana, ine sindinagone," anatero a Muheya mofatsa. "Choko chija n'chimene chinathawa."

Macheka atsopano ankachokera kutsidya kwa nyanja, ndipo kuwadikira kunkatenga miyezi. Achiwiri atadyedwanso, Bwana sanakuwe, anangoyetsemula n'kulankhula pang'onopang'ono kuti aliyense amve. "Ena akadyedwa, nkhalamba ichoka. Ntchito palibe, munda palibe, nyumba palibe." Ndinachita mantha kwambiri. Munthu amene anathawa kwawo ndi ana kumsana, n'kudzagwetsa mitengo ndi kubzala nthochi zake pamalo ano, amuthamangitsenso atakalamba chifukwa cha tulo?

Madzulo ndinawauza mayi anu kuti akalankhule nawo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana manda.

"Bambo anga sagona pantchito, bambo a Rute. Amatseka maso kuti aganize bwino."

"Nanga nkonono ija?"

"Ndi mmene timaganizira kwathu."

Ndinayesa njira zanga. Ndinkathawa ku shedi yaikulu n'kukaima kuseri kwa kashedi, n'kumakhosomola mpaka kukhosi kuwawa. Tsiku limene anandimva, apongozi anatumiza mitsitsi yowawa kudzera mwa mayi anu, ndi uthenga woti mkamwini amwe yonse asanapatsire ana chifuwa. Ndinamwa. Ndinayesa kuimba nyimbo za ku Mishoni mokweza, koma zinangowagoneka bwino kuposa kale. Kenaka ndinagula tambala wolira kwambiri n'kumumangirira pa nsanamira pafupi ndi mpando wawo. A Muheya atadzuka anamupeza, anamunyamula n'kupita naye kunyumba, ndipo mawa lake ndinalandira kuthokoza kochokera kwa apongozi aakazi, kuti pa akamwini onse ine ndekha ndiye ndimadziwa ulemu. Anandipatsako phazi limodzi.

Cha m'ma 1910: diwa

Nzeru inandipeza m'munda wa apongozi, kumene ndinkalima Loweruka lililonse monga mkamwini. Ndinapeza diwa lofwamphuka, mwala utaphwanya mbewa, mwini wake ali kunyumba osadziwa kanthu. Ndinaima ndi khasu m'manja n'kumaliyang'ana. Diwa silifuna munthu wolilondera. Mbewa yokha ndi imene imakhudza kamtengo, mwala n'kugwa.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinapita kukashedi. Macheka ozungulira amakhala ndi kabowo pafupi ndi pakati. Ndinasema kachikhomo kamtengo n'kukalowetsa m'kabowomo cha kunsi, kuti kazizungulira pamodzi ndi macheka. Pamene kanayenera kufika mano onse atanoledwa, ndinaikapo kamtengo kopyapyala kodutsa pa mng'alu wa matabwa apansi. Kunsi kwa shediyo ndinatchera diwa lenileni, mwala wake nditaumanga chingwe chopita ku chitseko cha madzi. Kachikhomo kakakhudza kamtengo, mwala ugwe, chingwe chikoke, chitseko chitseke. Poyamba ndinasankha mwala waukulu kwambiri, pofuna kutsimikiza. Unagwa n'kuzula chitseko chonse pamodzi ndi mafelemu ake, madzi n'kundikhuthukira ndili chokwawa ndi zovala za kutchalitchi. Ndinakhoma chitseko china tsiku lomwelo, n'kupeza mwala wocheperako, ndipo mayi anu ndinawauza kuti ndaterereka pamtsinje.

Lolemba ndinatchera diwa apongozi asanafike, ndinamangirira macheka, n'kupita ku shedi yaikulu mtima uli m'mwamba. Dzuwa litakwera ndinamva tsweee uja atasiya. Ndinathamanga kukasuzumira. Chimene sindinachiganizire n'chakuti munthu wogona m'phokoso amadzutsidwa ndi bata. Makina atangoti zii, a Muheya anadzidzimuka n'kugwira ndodo ija, moti Bwana pofika anawapeza ali chilili, dzanja lili pandodo, maso ali psuu, dzino la choko lili ndendende pansi pa mwala wonolera.

"Nkhalamba yabwino!" anatero Bwana, n'kuwapatsa fodya.

Zinayenda choncho tsiku ndi tsiku. Ine ndinkakwawira kunsi m'mawa uliwonse kukatchera, iwo n'kumagona mwaufulu, macheka n'kumatuluka okongola. Vuto linali lakuti apongozi anayamba kukhulupirira. Poyamba ankadabwa okha, kenaka anapeza yankho. Pamowa ankauza anthu kuti makinawo amadziwa mpweya wawo. "Ine sindichita kuyang'ana," ankatero. "Ndikangoti mumtima basi, iwo amaima." Mbiri inafika mpaka ku Chitakale. Mayi wina anabwera ndi nkhuku kudzapempha kuti amuimitsire mwamuna wake kumwa. Nthawi ya mvula yosalekeza anthu ankawayang'ana ndi diso loti achitepo kanthu. Ndipo tsiku lina mayi anu anabwera ndi uthenga wochokera kwa bambo awo, woti mkamwini ndi mwana wabwino koma za makina sazidziwa kwenikweni, aziyang'anitsitsa mmene akulu amachitira. Ndinayankha kuti ndamva ndipo ndathokoza. Kunena zoona zinkandisangalatsa, chifukwa munthu uja anayamba kuyenda mowongoka, ndipo ankaseka, chinthu chimene sindinachionepo chifikireni iye kuno.

Cha m'ma 1911: jekete

Chimene chinationongera ndi kunyada kwa Bwana. Anabwera ndi mzungu mnzake wa esiteti ina kudzamuonetsa nkhalamba yake yosaphonya. Anafika msanga, macheka asanathe, ine ndikuwatsatira pambuyo. A Muheya anali atatsamira khoma, miyendo atatambasula, kukamwa kuli yasa, akuganiza mwamphamvu ndithu. Bwana anayetsemula, koma sizinathandize. Azungu awiri aja anangoima n'kumayang'ana dzino la choko likuyandikira. Litafika, pansi panamveka kuti phi, chitseko chinagwa chokha, makina n'kuima. Apongozi anadzambatuka n'kugwira ndodo monga mwa masiku onse.

"Mwaona, bwana?" anatero akumwetulira.

Bwana anatsika makwerero n'kukwawira kunsi kwa shedi ndi buluku lake loyera. Tinangomva kuyetsemula, kenaka kuseka. Anatuluka ali ndi ndodo ya diwa m'manja, akangaude ali m'tsitsi.

"Simioni! Wapanga ndani?"

Kunama kunalipo, koma chingwe chinali chomangidwa mfundo zanga, zimene aliyense ankazidziwa. Ndinavomera. Anandimenya paphewa mokondwa n'kulankhula Chingerezi chambiri ndi mnzake uja. Kenaka anati kuyambira mawa ndine kapitao wa macheka onse, ndikhala m'nyumba yanjerwa ya pafupi ndi sitolo, ndipo anatuma munthu kukatenga jekete la khaki la mabatani owala. Atatero analoza apongozi anga. "Mwala sugona, mwala sudya. Nkhalamba yandinamiza chaka chonse. Ichoke pamalo anga."

A Muheya sanamve Chingerezi chija, koma ndodo ya diwa anaiona, ndipo diwa ankalidziwa kuposa tonsefe. Anatsika pang'onopang'ono, anawerama n'kusuzumira kunsi, n'kukhala nthawi akuyang'ana mwala uja. Atawongoka sanandiyang'ane. Anangotola chipewa chawo champhasa n'kumapita. Pa moyo wanga wonse sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo, ndipo ndinali nditanyamula jekete m'manja.

Kumudzi ndinapeza apongozi aakazi atalamula kale. Ndinamva ndili kuseri kwa nkhokwe. Panalibe kulira kapena kukambirana. Anangoti mawa kukacha tikupita kwa mzungu wa kutsidya kwa mtsinje, amene wakhala akutuma anthu kudzatinyengerera. Bwana ankaganiza kuti wachotsa nkhalamba imodzi, poyesa kuti kuno n'chimodzimodzi kwawo, kumene mwana wamkazi akakwatiwa amakhala wa mwamuna. Sankadziwa kuti mudzi wonse uja mwini wake ndi mayi amene iye sanamupatsepo moni. Mayi akanyamuka ana aakazi amanyamuka, ndipo ana aakazi akanyamuka akamwini sachita kufunsidwa.

Ine ndekha ndi amene ndinali ndi chosankha. Mayi anu anali akumanga mapoto m'nsalu.

"Ife tikupita, bambo a Rute. Inu poti ndinu akapitao, zili ndi inu. Nyumba yanjerwa ija mukagonamo ndi mwala wanuwo."

"Ndimafuna kuwathandiza."

"Ndikudziwa. Mukanandiuza ine za diwa lanulo, bwenzi nditawachepetsera kalongonda."

Jekete lija ndinalivala, ndisakubisireni. Ndinapita nalo kuseri kwa nthochi n'kumanga mabatani onse mpaka m'khosi. Linandikwana ngati anachita kundiyeza. Ndinaganiza za nyumba yosadontha, za inu kukula bambo wanu ali kapitao, za anzanga a ku Mishoni amene ankandiseka kuti ndine wa utuchi. Ndinalifuna ndi mtima wanga wonse. Koma ndinalipeza pochotsa nkhalamba pampando wake, ndipo ndikanalivala pamaso pa ndani, mudzi uli bwinja? Ndinalivula, ndinalipinda bwinobwino, ndipo m'mawa ndinakalisiya pampando wa m'kashedi n'kusenza mtondo wa mayi anu.

Ulendowo unali wautali ngati wa nyerere: amayi ndi madengu, ana ndi nkhuku, apongozi aakazi patsogolo, a Muheya pambuyo pawo. Ife akamwini tinkayenda cha m'mbali, m'tchire, kuti tisakumane maso ndi mwini ulendo. Ku esiteti, monga tinamvera pambuyo pake, Bwana anadzuka n'kupeza tiyi alibe omuthyola ndi macheka alibe owacheketsa. Anaitanitsa machila kuti atilondole, koma onyamula machila anali nafe, wina atasenza mbuzi. Anabwera wapansi. Anatipeza pa doko la Lichenya tikukonzeka kuwoloka, iye ali wefuwefu, nkhope ili psuu.

"Bwerera! Onse bwerera!" anakuwa. Palibe amene anatembenuka. Anapita kwa a Muheya, iwo n'kungoloza akazi awo ndi chibwano. Apa m'pamene Chinyanja cha Bwana chinathera, chifukwa mawu opepesera analibe, ndipo apongozi aakazi ankalankhula Chilomwe chokha. "Simioni! Bwera, masulira!"

Ndikanabwera bwanji? Ndinaima kuseri kwa mtengo wa mbawa, nditafulatira, n'kumakuwa ndili komweko. Apongozi ankalankhula Chilomwe, mayi anu n'kutembenuzira m'Chinyanja cha kumtengo, ine n'kuponya Chingerezi kwa Bwana, amene ankazungulirazungulira kufuna kuona nkhope yanga.

"Akuti mufunseni ngati kwawo kulibe nkhalamba, kapena amazitaya kudzala zikayamba kuwodzera," anatero mayi anu, ndipo ndikukhulupirira kuti anali atachotsako kale zina.

"Akufunsa za moyo wa makolo anu, bwana," ndinatero ine.

Bwana anadabwa, n'kuyankha kuti bambo ake ali moyo, ndi okalamba kwambiri, amakhala pafupi ndi moto tsiku lonse.

"Akuti bambo ake nawonso amagona masana," ndinauza mayi anu.

Apongozi aakazi anaseka koyamba, n'kunena kuti ndiye akawathamangitse kaye amenewo. Zimenezo ndinamasulira ndendende, chifukwa ndinali nditatopa. Bwana anavula chipewa, chinthu chimene sitinamuonepo akuchitira munthu wakuda. Anakambirana mpaka dzuwa kufika pamutu, ine ndikulumidwa ndi linthumbu kuseri kwa mtengo osatha kusuntha. Anagwirizana kuti a Muheya abwerere pampando wawo ndipo munda ndi nyumba zisakhudzidwe. Bwana anaumirira chimodzi chokha, kuti mwala nawonso ukhale. Za ukapitao wanga sanazitchulenso, ndipo jekete lija ndinadzaliona litavalidwa ndi munthu wina amene silinkamukwana n'komwe.

Zaka zotsatira

Mwina mukuganiza kuti apongozi anabwerera kukagona mwamtendere, popeza tsopano zinali zololedwa. Ayi ndithu. Kuyambira tsiku limenelo a Muheya sanagonenso pantchito. Kalongonda wam'mawa anamusiya okha. Ankakhala tsonga pampando, maso ali pa choko, dzanja lili pandodo, akulondera makina amene sankafunanso mlonda. Anali pa mpikisano ndi mwala. Dzino la choko likangotsala pang'ono kufika, iwo ankakoka ndodo msangamsanga kuti chitseko chigwe ndi dzanja lawo diwa lisanafwamphuke. Akatero ankasuzumira pa mng'alu n'kuuza mwalawo kuti, "Lero ndakuyambirira."

Kuyambirira kumeneko kunali ndi mtengo wake. Poti ankatseka madzi msanga, dzino lomaliza linkatsala losanoledwa. Macheka otero amasiya mzere pa thabwa, ndipo Bwana akanaona. Kuwauza sindikanatha, ngakhale kudzera mwa mayi anu, chifukwa ndinali nditawalanda kale zambiri. Choncho ndikamasula macheka ndinkapita nawo kuseri kwa mulu wa matabwa, n'kutulutsa tupa m'thumba, n'kunola dzino limodzilo ndi dzanja. Ndinachita zimenezi zaka zonse zimene anakhala pampando paja. Diwa ndinkalitcherabe m'mawa uliwonse monga analamulira Bwana, ndipo madzulo ndinkalipeza lili chitcherere.

Anamwalira nthawi ya dzinja, atadwala masiku ochepa. Pamaliro sindinalire, ndinali wotanganidwa ndi kukhoma bokosi, limene ndinalipanga ndi mkungudza wabwino kuposa wonse umene ndinali nawo. Titabwerera kuntchito ndinatchera diwa, ndinamangirira macheka, n'kupita ku shedi yaikulu. Dzuwa litakwera ndinamva phi, makina n'kuima. Ndinakamasula macheka n'kupita nawo kuseri kwa matabwa monga mwa chizolowezi, tupa lili kale m'manja. Ndinayendetsa chala pa mano onse kufunafuna langa lija, ndinazungulira kawiri, koma onse anali akuthwa. Ndinakhala pansi pa utuchi pomwepo n'kulira ngati mwana.